Sopulano Wathu Ataitana Okhuza Maliro ku Kafue

Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Ife Amalawi okhala ku Kafue, tauni ya m'mbali mwa mtsinje yomwe ili makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, mwambi umenewu timaukumbukira kamodzi pachaka: pa 6 July, tsiku lomwe Malawi inalandira ufulu mu 1964. Masiku ena onsewa ndife anthu ofatsa. Timadya nsomba za mu Kafue n'kumazitchula kuti chambo chamumtima, timati "manje" pomwe amayi athu ankati "tsopano", ndipo wina akafunsa kwathu timangoti "kum'mawa". Si bodza ayi. Malawi ili kum'mawa ndithu, kungoti munthu akafika pa Chipata amapitirira pang'ono.

Chikondwerero chathu chinali chodziwika: mbuzi imodzi, mpunga wa Kilombero wobwera pa basi, botolo la Nali, ndi nyimbo za Lucius Banda mpaka sipika itasasa mawu. Zinthu zinasokonekera chaka chomwe a Tcheyamani athu anapita kukaona mwana wawo ku London. Anakhalako milungu itatu yokha, koma anabwerako ndi chikhoti chofika m'akakolo komanso maganizo atsopano.

"Chaka chino tikondwerere ngati anthu oyenda," anatero. "Tiitane oimba enieni, aja amaima njoo atavala suti n'kumaimba za Handel ndi Verdi. Anzathu a kuno aone kuti Amalawi si kanyenya ndi zigumu basi."

Ine ndinali mlembi wa komiti. Zotsatirazi ndi zomwe anandiletsa kulemba m'maminitsi.

Tchuthi chobwereka

Ku Zambia Lolemba loyamba la July ndi tchuthi cha Heroes Day, ndipo Lachiwiri lake ndi Unity Day. Choncho zaka zina tsiku lathu limagwera ndendende pa tchuthi cha eni dziko, monga mmene kalendala ikuonetsera pa 2015, 2020 ndi 2026. Chaka cha nkhani yathuyi 6 July inalinso Lolemba. A Tcheyamani anaimirira pamsonkhano n'kuwongola tayi.

"Ndalankhula ndi akuluakulu. Boma la Zambia lavomera kutseka maofesi onse polemekeza Malawi."

Tinaomba m'manja. Mlamu wathu wina, Mtonga wa ku Mazabuka yemwe anakwatira mchemwali wathu wa ku Ntcheu, anakweza mkono.

"Ba Tcheyamani, mwachita bwino maningi. Nanga Lachiwiri munapemphela ndani?"

"Limenelo, alamu, ndi lotsuka mbale."

Kwacha yake iti?

Mayiko awiriwa ali ndi ndalama ya dzina limodzi. Zambia inayamba kwacha mu 1968, Malawi mu 1971. Ndi ana a bambo mmodzi, koma wina amadya katatu patsiku. Kwacha imodzi ya kuno imagula makwacha makumi angapo akwathu.

Tsiku la malonjezo, achimwene ena ogulitsa matayala anadzuka n'kukhosomola kuti aliyense atembenuke.

"Ine ndipereka 50,000 kwacha!"

Amayi analuluta. A Tcheyamani anawapatsa mpando wakutsogolo, dzina lawo linalembedwa pa pulogalamu ndi zilembo zazikulu, ndipo a Msungichuma anakauziratu wogulitsa mbuzi kuti asunge zinayi zonenepa.

Tsiku lotolera, envelopu inabwera yotupa. A Msungichuma anaitsegula pamaso pa tonse. Munali mapepala makumi asanu, lililonse lili ndi nkhope ya Kamuzu.

"Achimwene, izitu ndi za kumudzi!"

"Nanga ufuluwu ndi wa kuti?"

Mbuzi inabwerera pa imodzi.

Kondakitala

A Msungichuma omwewo, mtima udakali wowawa, anayamba kupenda bajeti mzere ndi mzere.

"Holo ndamva. Kiyibodi ndamva. Uchi ndi madzi ofunda a oimba, ngakhale sindikumvetsa, ndamva. Koma apa mwalemba kondakitala. Basi yake tabwereka liti?"

Tinawafotokozera kuti ameneyu ndi munthu woima kutsogolo kwa kwaya ndi kandodo, wosonyeza poyambira, pokwezera mawu ndi polekezera.

"Iyeyo amaimba mawu anji?"

"Saimba."

"Amaliza kiyibodi?"

"Ayi."

"Ndiye tilipire munthu wofulatira alendo n'kumaingitsa ntchentche? Bola wa minibasi, amabwezako chenji."

Kafue wake uti?

Dzina la Kafue kuno ndi la zinthu zambiri. Pali mtsinje, pali tauni yathuyi, pali malo aakulu osungirako nyama kutali kumadzulo, ndipo mu Lusaka muli msewu wa Kafue ndi raundabauti ya Kafue kumapeto kwa Cairo Road. Tena wathu, mwamuna woimba mawu okwera, tinamuitanitsa kuchokera ku Lilongwe. Anadutsa Mchinji, Mwami, Chipata, kuoloka Luangwa, tsiku lonse ali pa basi, mmero ataukulunga ndi sikafu ngati mwana wakhanda.

Madzulo foni inalira. "Ndafika pa Kafue, dzanditengeni."

Tinathamangira pa siteji ya mabasi. Kunalibe munthu.

"Achimwene, mukuona chiyani pamene mwaimapo?"

"Magalimoto akungozungulira, ndiye pali nyumba yaitali kwambiri."

"Mtsinje mukuuona?"

"Mtsinje ayi, koma ngalande ilipo."

"Imeneyo ndi Findeco House, mudakali mu Lusaka. Kwatsala makilomita 45."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Ndiye bwanji osalemba pakalata paja kuti Kafue wamadzi?"

Wamwalira ndani?

Kuyeserera kunkachitikira kunyumba kwa a Tcheyamani ku Kafue Estates. Sopulano wathu anali mtsikana wobadwira konkuno, bambo ake a ku Zomba, ndipo nyimbo anaphunzira pa Evelyn Hone College mu Lusaka. Thupi lake ndi laling'ono, moti mungamutume kukagula machesi. Koma mawu ake!

Madzulo oyamba, kuzizira kwa July kukukwera kuchokera kumtsinje, mtsikanayo anati atenthetse kaye mmero. Anayambira pansi ngati njiwa. Anakwera pang'ono. Anakweranso. Kenako anafika pamwamba pomwe agalu a m'dera lonse anayankha, n'kukhazikika pamenepo osapuma, mawu akunjenjemera ngati ndege yofuna kunyamuka.

Sipanathe theka la ola, geti linatseguka pang'onopang'ono. Amayi asanu ndi mmodzi, zitenje m'chiuno, maduku kumutu, analowa n'kukhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula. Kumbuyo kwawo kunali abambo awiri atasenza nkhuni zoti asonkhe moto wa pasiwa. Sopulano atakwezanso, mayi mmodzi anamulandira ndi kulira kwenikweni, misozi mbwembwembwe.

A Tcheyamani anatuluka, kapu ya tiyi m'manja. Mayi wolirayo anadukiza pakati.

"Ah! Ba neba, muli moyo? Nanga wafa nindani?"

"Palibe wamwalira, mayi. Ndi nyimbo imeneyi."

"Nyimbo yolila so? Ngati kulibe malilo, mupatseni Panado mwana uyo, ali na chinthu chimubaba."

Tinapepesa, tinafotokoza, tinawaonetsa ndi pulogalamu yomwe. Anamvetsa, koma sanadzuke. Anati munthu wobwera kudzalira sabwerera kukamwa kouma. Shuga wa mlungu wonse anatha usiku umenewo, ndipo abambo aja nkhuni zawo anabwerera nazo.

Agogo ndi kandodo

Kwaya tinaisonkhanitsa tokha: anamwino awiri, mphunzitsi, ogulitsa pamsika, dalaivala wa thiraki, ndi aliyense amene anayamba waimbako kutchalitchi. Kondakitala anagawa mapepala a mizere isanuisanu yokhala ndi timadontho takuda, ngati mbalame zotera pa mawaya a magetsi. Aliyense anagwira pepala lake mwaulemu. Dalaivala analigwira chadodolido, ndipo palibe anazindikira.

Kumbuyo kunali agogo aakazi, mayi wa Chigwirizano wokulira ku Nkhoma, yemwe tinamuitana kuti azidzaphika tiyi. Anasuzumira pepala n'kufunsa: "Mwana wanga, ya do re mi mulibe?"

Ankanena solfa, njira yolembera nyimbo ndi zilembo yomwe m'busa wa ku England, John Curwen, anaifalitsa m'zaka za m'ma 1800, ndipo amishoni anaibweretsa m'masukulu ndi m'matchalitchi akwathu. Anthu ambiri amene anadutsa m'manja mwa aphunzitsi a mishoni ankawerenga nyimbo ngati kalata. Kondakitala analembanso mzere wa alito m'zilembo, mwina pofuna kungowasangalatsa. Agogo anapukuta manja pachitenje, kuvala magalasi omangidwa ndi ulusi, n'kuimba Handel kuyambira pamwamba mpaka pansi osapunthwa. Atamaliza analoza pepala.

"Apa walakwitsa. Ndi fe, osati fa."

Kondakitala anayang'ana buku lake. Analidi fe.

"Agogo, munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi atagwira bango. Kandodo kakoko n'kosewera. Kathu kankatera."

Kuyambira tsiku limenelo tiyi ankaphika ndi dalaivala.

Mbendera

Tsiku linafika. Amene tinawatuma mbendera anabwera nayo yosita bwino, koma itatambasulidwa holo yonse inati zii. Pakati pake panali dzuwa loyera lathunthu. Imeneyi ndi ija boma la Bingu wa Mutharika linabweretsa mu 2010, yomwe inachotsedwa mu 2012 nthawi ya Joyce Banda, pomwe dzuwa lofiira lotuluka linabwerera pamalo pake.

"Bambo, imeneyi inatha ntchito."

"Inatha bwanji, ine ndinagula ndi ndalama zanga ndipo sinang'ambike?"

Nthawi inali itatha, choncho tinapatsa mwana wa giredi 5 pepala lalikulu ndi makrayoni. Anajambula bwino: wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi. A Tcheyamani, omwe amadziwa kuti dzuwa la pambendera yathu lili ndi malaza 31, anayamba kuwerenga ndi chala.

"Iwe, awa ndi 19. Ena ali kuti?"

"Sanatuluke, ankolo. Kudakali m'mawa."

Masiku 110

Mlendo wolemekezeka wochokera ku Lusaka atachedwa, tinapempha agogo aamuna, mtchona wamkulu pa tonse, kuti alankhulepo. Anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo sanabwererenso.

"Pa 6 July 1964 ndinali pompano," anayamba motero. "Ndinamva pa wayilesi kuti Nyasaland yatha, kwabadwa Malawi. Ndinavala malaya oyera n'kupita kwa kapitawo wachizungu. Ndinati, bwana, kuyambira lero ndine mfulu. Iye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, ufulu wako uli ku Zomba, kuno ndi ku Northern Rhodesia, tenga fosholo."

"Ndiye munatani, agogo?"

"Ndinatenga fosholo. Ndinadikira masiku 110 mpaka pa 24 October, pomwe Kaunda analandira dziko lino. Anzanga kumudzi ufulu unawapeza pa ndege. Wanga unabwera pa sitima ya katundu."

Mdzukulu wina anafunsa kuti tsono tsiku lawo lenileni ndi liti.

"Onse awiri. Munthu wovutika kawiri amadya mbuzi kawiri."

Vesi yachiwiri

Tinayamba ndi nyimbo ya fuko ya eni dziko, ija maimbidwe ake anachokera kwa Enoch Sontonga wa ku South Africa, yemwe anawapeka mu 1897. Tonse tinaimba mokweza, Amalawi kuposa eni ake. Kenako inafika yathu, yopekedwa ndi Michael Sauka. Vesi yoyamba inagwedeza malata. Ena anapukuta misozi, ena anayamba kukhala pansi.

Kondakitala anakwezanso kandodo. Tinali titaiwala kuti nyimbo yathu ili ndi mavesi atatu. Mawu anayamba kuyoyoka ngati mango a mphepo. Anatsala akutchula mawu ndi agogo a ku Nkhoma ndi tena wa ku Lilongwe basi. Enafe, kuphatikizapo a Tcheyamani, dzanja pachifuwa, nkhope yaulemu, tinkangoti "mmm, mmm, mmm".

Mlamu wa ku Mazabuka anandinong'oneza: "Iyi vesi yachiwili niyosavuta, mulamu. Na ine naiziwa."

Mpango woyera

Tena wathu ankasirira Luciano Pavarotti, Mtaliyana uja ankaimba atagwira mpango woyera kudzanja. Naye anatulukira pa siteji atavala tayi wa gulugufe, mpango woyera ukulendewera m'manja.

Chomwe sankadziwa n'chakuti ku Zambia mpango woyera uli ndi mwini wake. Kenneth Kaunda sankausiya paliponse, monga mmene Kamuzu sankasiyira litchowa. Tena atangoukweza kuti ayambe, mkulu wina wopuma pantchito ku fakitale ya feteleza anadzambatuka pampando, mphamvu za unyamata zitamubwerera.

"One Zambia!"

Theka la holo linayankha lisanaganize: "One Nation!"

Tena anayang'ana kondakitala, kondakitala anayang'ana a Tcheyamani. Agogo a ku Dedza ndiwo anakonza zinthu: "Musadandaule. Bambo ake a Kaunda, a David Kaunda, anachokera kwathu ku Nyasaland kupita ku Chinsali. Mpangowo ndi wa pabanja. Imba, mwana wanga."

Kufupa

Pulogalamu inali italembedwa momveka: musaombe m'manja nyimbo isanathe, musalulute, musayendeyende. Malamulo amenewa anagwira ntchito mpaka sopulano atayamba Ave Maria ya Franz Schubert, ya mu 1825.

Mtsikanayo anatseka maso, manja atawagwirizanitsa pamimba. Mawu anatuluka osalala ngati mafuta. Atafika pamwamba paja, azakhali ake anapirira masekondi atatu, kenako nthungululu inaphulika. Anadzuka, kumanga chitenje, kuvina pang'onopang'ono mpaka pa siteji, n'kuyamba kumufupa. Ndalama yoyamba anamuika paphewa. Yachiwiri anaimata pachipumi, ndipo chifukwa cha thukuta inakhala. Amayi ena atatu anatsatira ndi mbale.

Mwanayo anamaliza nyimbo yonse ndi ndalama pachipumi, osaphonya ngakhale noti imodzi. A Tcheyamani anafika potuwa ndi manyazi.

"Mayi, ku London sachita zimenezi!"

"N'chifukwa chake oimba akumeneko amaoneka okwiya. Amaimba ulere."

A Msungichuma atawerenga za m'mbale, anapempha kuti nyimboyo ibwerezedwe.

Matchona anzathu

Kwaya itayamba kuimba m'Chitaliyana, agogo a ku Dedza anagogoda ndodo pansi.

"A Tcheyamani, azungu tinatsanzikana nawo mu 1964. Lero tikukondwerera m'chinenero chawo?"

"Awa ndi Ataliyana, agogo. Sanatilamulirepo."

"Ndiye mukuwaitana?"

Kondakitala anatembenuka koyamba kuyang'ana anthu. Anafotokoza kuti nyimboyo ndi ya m'sewero loimba la Giuseppe Verdi lotchedwa Nabucco, lomwe linaonetsedwa koyamba ku Milan mu 1842, ndipo oimbawo ndi Ayuda ali ku ukapolo ku Babulo, atakhala m'mbali mwa mtsinje wa eni ake, akukumbuka mapiri akwawo. Anawonjezera kuti Handel, mwini nyimbo zotsatira, anabadwira ku Germany mu 1685, anapita ku London kukafuna ntchito, anatenga unzika wa kumeneko, ndipo anamwalirira komweko mu 1759.

"Maliro ake anapita nawo kumudzi?" anafunsa agogo.

"Ayi, anaikidwa ku London konko."

Agogo anavula chipewa. "Ameneyo ndi mtchona mnzathu. Mlembi, mlembe m'kaundula, koma ali ndi ngongole ya zopereka. Tsono ya kumtsinje ija imbaninso."

Anaimbanso. Mawu sitinkawamva, koma ulendo uno palibe anatafuna chingamu. Nditayang'ana kumbali ndinaona agogo akupukuta m'maso ndi chipewa. Atandiona anati: "Ndi chimfine cha July, iwe lemba zako."

Besi ya pamlatho

Handel analemba Messiah yonse m'masiku 24 mu 1741. Ife makorasi awiri okha anatitengera miyezi itatu. Yoyamba inali Hallelujah, yomwe mwamwambo anthu amaimva ataimirira. Amasimba kuti mfumu George II ndiye anayambitsa zimenezi, ngakhale a Msungichuma amakhulupirira kuti mfumuyo inangopatsidwa mpando wa pulasitiki wothyoka mwendo ngati wawo.

Tili pakati pa nyimbo, magetsi anathima. Taganizani: mtsinje womwe umapukusa makina a magetsi kumunsi kwathuku ukudutsa pakhomo, ife tili mumdima. Kiyibodi inafa, chimkuzamawu chinafa. Koma maimbidwe amenewa anayamba kalekale magetsi kulibe, ndipo oimba ake amaphunzira kudzaza holo ndi chifuwa chokha. Kwaya inapitiriza, mafoni akuwala ngati ziphaniphani, kondakitala akuingitsa ntchentche zomwe palibe ankaziona.

Chovuta chinali besi. Tinali ndi abambo atatu okha, ndipo mmodzi anali atayamba kale kulawa za m'botolo. Pamalo penipeni pomwe besi imafunika kubangula, sitima ya katundu yochokera kumlatho wa njanji, uja unamangidwa mu 1906, inaliza hutala yake yaitali. Inagwera pa noti yake ndendende.

Nyimbo itatha, mlendo wolemekezeka, yemwe anali atangofika kumene, anagwira chanza abambo atatu aja.

"Besi ngati imeneyi sindinaimvepo chibadwire."

"Zikomo, bwana," anayankha wa botolo uja. "Timayeserera kwambiri."

Amen

Pofika apa fungo la mbuzi linali litalowa m'holo. A Tcheyamani analengeza kuti abusa apempherera chakudya, ndipo kwaya itseka pempherolo ndi korasi yomaliza ya Messiah. Anaiwala kutichenjeza kuti korasi imeneyi ili ndi liwu limodzi lokha, Amen, ndipo imatenga mphindi zoposa zitatu.

Tinaweramitsa mitu. Besi inati Amen. Achimwene a matayala anatsegula maso n'kugwira mbale. Tena anati Amen. Anabweza mbale. Alito anati Amen. Anadzuka theka. Sopulano anati Amen. Anakhalanso. Kenako onse anayamba kuthamangitsana, uyu Amen, uyo Amen, wina kuyambiranso pomwe mnzake walekezera. Achimwenewo anadzuka ndi kukhala kasanu ndi kawiri ngati ali pa chilango cha kusukulu.

Pomaliza anafuula: "Abusa, tavomera tonse! Akutsutsa ndani?"

Atafika pa mzere wa chakudya, a Msungichuma anawagawira okha: chipande chimodzi cha mpunga ndi fupa la m'khosi.

"Mayi, zochepatu izi."

"Ndawerengera pa kwacha ya kumudzi."

Chaka chotsatira tinabwerera ku mbuzi ndi Lucius Banda, pakuti nyimbo imodzi sachezera gule. Koma kwaya ija sinathe. Imaimba pa maukwati ndi pa maliro enieni, agogo a ku Nkhoma ndiwo akugwira kandodo, ndipo tonse tsopano tikudziwa mavesi awiri a nyimbo ya fuko. Yachitatu tikuisungira chaka cha mawa.

Owerenga, mukadzadutsa pa Kafue mwezi wa July n'kumva kulira kwa mtsikana kuchokera ku Estates, funsani kaye musanatole nkhuni. Ndipo mukafuna kutithandiza ndi chopereka, takulandirani ndi manja awiri, koma munene msanga kuti kwacha yake ndi iti.